Mwala Umene Unali Padenga Langa

Ndinaphunzira kulemba imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha, ndipo mpaka lero dzanja langa limagwira cholembera ngati mpini. Mundipirire. Ndikufuna kulemba za mwala, za alamu anga, ndi za loya woyamba amene ndinamuona ndi maso angawa.

Zinali zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Malole ankafika atasenza mipando ndi mafayilo, akatapila ankagwetsa mitengo imene tinkatolamo masuku, fumbi lofiira linkalowa mpaka m'mano. Malo amene tinkawadziwa ndi mayina a madambo anangodzuka ali ndi manambala. Ine ndinapeza ntchito ku Area 10, pa nyumba ya bwana wina wa kumpoto amene ankagwira ku Kapitolo. Ankanditcha gadeniboyi, ngakhale ndinali ndi ana atatu. Mlonda wa panyumbapo anali alamu anga, amuna awo a alongo anga aakulu, ndipo ntchitoyo ndinawapezera ndine. Anali munthu wamtali, mkulu wa mpingo kumudzi kwathu, wofatsa moti ukawaponda phazi ankayamba ndi iwo kupepesa.

Pa ngodya ya kuseri kwa nyumbayo panali mwala wa simenti wokwiriridwa m'nthaka. Mutu wokha ndiwo unkaonekera mu kapinga, pakati pali kachitsulo, m'mbali muli zolembalemba zimene kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku. Mwala umenewo unandithyolera zikwakwa ziwiri. Adona ankafuna kapinga wosalala ngati bulangete, ndipo chikwakwa chikathyoka ankandiyang'ana ngati ndachitafuna. Tsiku lina masana, abwana ali ku ntchito, adona ali ku msika, alamu akugona m'kanyumba ka pageti, ndinatenga khasu n'kuukumba. Padzenjepo ndinadzalapo duwa la rozi. Mwalawo ndinaumangirira pa kaliyala ya njinga n'kupita nawo kumudzi, chifukwa padenga langa panali lata limodzi limene mphepo inkakonda kulitukula. Ndinaupsinjiza pamenepo. Latalo silinasunthenso. Ndinagona ndikudzitama kuti ndine munthu wanzeru.

Patapita masabata angapo, bwana wa nyumba yoyandikana nafe, amene anali wamkulu pang'ono pa ntchito kuposa abwana athu, anafuna kumanga mpanda. Kunabwera anthu oyeza malo ndi chingwe chawo ndi chipangizo cha miyendo itatu. Anayenda, anayeza, anasuzumira, mpaka anaima mozungulira duwa langa.

"Bikoni ili kuti?" anafunsa wamkulu wawo.

Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti mwala uja unali wa boma, kuti unkasonyeza pamene mapuloti anayi amakumanirana, ndipo kuuzula ndi mlandu wopita nawo kundende. Bwana woyandikana nafe anati abwana athu auchotsa dala kuti abe malo. Abwana athu anayankha m'Chingerezi chachitali mpaka milomo inauma. Apolisi anabwera.

"Amalondera pano ndani?" anafunsa sajeni.

Alamu anatuluka, anavula chipewa, ananjuta n'kuomba m'manja. "Pepani bwana, ndalakwa ndine. Chinthu chikasowa pakhomo, wolakwa ndi mlonda."

Kwathu ndi mmene timachitira. Akuluakulu akamakangana, wamng'ono amasenza cholakwa kuti moto uzime, kenaka pamapita nkhuku, nkhani n'kutha. Alamu sankadziwa n'komwe kuti pa ngodyapo panali mwala. Koma sajeni analemba mawu aja m'buku, anawawerenga mothamanga, n'kuwadinditsa chala. Kenaka anati duwalo nalo lipite ku polisi ngati umboni. Anandipempha khasu loti azulire, ndipo ndinamubwereka khasu lomwe lija. Palibe anafunsa kuti amadzala maluwa pano ndani. Ndinali chiimire pomwepo, kheni yothirira ili m'manja, ikudonthera pa phazi langa.

Madzulo ake abwana anandiitanira kuseri kwa khitchini. Anati munthu wa boma akaonedwa akukwera masitepe a loya, pofika nthawi ya tiyi Kapitolo yonse imakhala itamva, ndipo iwo ndi wa kumpoto, maso ali pa iwo kale. Anati amuimbira foni loya wina wa ku Area 2, zolipira asamala okha, koma kukaonana naye tipite ife, ine ndi alongo anga.

Alongo anga anandifunsa kuti loya n'chiyani. Ndinawauza mmene kuki wa panyumbapo anandiuzira, kuti ndi munthu amene akaimirira m'khoti n'kuyankhula, mlandu umafa.

"Ndiye kuti ndi sing'anga wa milandu," anatero.

Alongo anga anali mayi wa mpingo, wovala zoyera Lachinayi lililonse, koma malamulo a kwa sing'anga ankawadziwa ngati nyimbo za m'buku. Tikuoloka mlatho wa Lilongwe m'mawa mwake, iwo atakwapatira nkhuku, anandilangiza.

"Achimwene, tikakafika, pakamwa mutseke. Kwa sing'anga sunena chimene wadzera. Weniweni amaona yekha. Ukamuuza, ndiye kuti ukulipira kuti umve mawu ako omwe."

Ndinavomera msangamsanga. Langizo limenelo linandikwana ngati malaya osokedwa pa thupi langa.

Ofesi ya loyayo inali pamwamba pa sitolo ya nsalu. Alongo anga anavula nsapato pakhomo, anakana mpando n'kukhala pansi. Kalaliki amene ankatayipa pa ngodya analandira nkhuku ndi manja awiri, anayang'ana uku ndi uku, n'kuimangirira ku mwendo wa tebulo. Loyayo anali wamfupi, wa tayi yothina, wochokera ku Blantyre, ndipo kumbuyo kwake kunali mabuku akuluakulu ofanana chikuto.

"Ndiuzeni chimene chinachitika, mayi, kuyambira poyamba."

"Tabwera, bambo."

"Ndaona kuti mwabwera. Chinachitika n'chiyani?"

"Muone ndinu."

"Ndione kuti?"

Alongo anga analoza mabuku aja ndi mlomo.

Loyayo anavula magalasi. Anatifotokozera pang'onopang'ono kuti chilichonse chimene tinganene m'chipindamo chitsala momwemo, kuti ngakhale apolisi sangamukakamize kuchiulula, ndi kuti iye sangateteze munthu pa nkhani imene sakuidziwa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Inu bambo, mumagwira ntchito yanji panyumbapo?"

"Ya maluwa, bwana."

"Duwa limene lili ku polisi anadzala ndani?"

Alongo anga ananditsina pa katumba.

"Muone ndinu, bwana," ndinatero.

Anapuma mpweya wautali. Anatenga kapepala kamene analembapo zimene abwana anamuuza pa foni, n'kuyamba kuwerenga: amuna anu ndi mlonda ku Area 10, anamangidwa Lachiwiri, nkhani yake ndi ya mwala wa malire. Alongo anga anaomba m'manja.

"Eee! Mwamva, achimwene? Mpaka tsiku! Ameneyu ndi weniweni!"

Nkhuku inakupiza mapiko, mapepala a kalaliki n'kumwazika.

Tinapita naye ku polisi. Alamu anawatulutsa m'chitokosi opanda lamba, atagwira buluku ndi dzanja limodzi. Loyayo anawauza zinthu zitatu, akuwerenga pa zala: musayankhule za nkhaniyi ndi munthu aliyense ine palibe, musadinde chala pa pepala lililonse, ndipo musapepesenso.

"Pepani bwana, ndamva," anatero alamu.

Loyayo atatuluka, alongo anga anatsalira n'kumasulira malangizowo m'njira yawo. "Mwamva, bambo a kwathu? Chimenecho ndiye chizimba chake. Mankhwala aliwonse ali ndi choletsa. Musatsegule pakamwa mpaka mlandu utatha. Ngakhale iye mwini atakunyengererani, mudziwe kuti akukuyesani. Amatero asing'anga."

Alamu anagwedeza mutu. Sanayankhe ndi mawu. Anali atayamba kale.

Tsiku loyamba m'khoti loyayo anawapemphera belo. Woweruza anafunsa alamu ngati angabwerenso pa tsiku la mlandu akawatulutsa. Woweruzayo anali Mmalawi ngati ife, koma ankamva kudzera mwa womasulira basi. Womasulira anafunsa m'Chichewa. Alamu anayang'ana kudenga. Womasulira anatembenuka n'kunena m'Chingerezi kuti munthuyu akuyang'ana kudenga. Belo inakanidwa.

Mlanduwo unaimitsidwa katatu, chifukwa mapu a oyeza malo anali akadali ku Zomba, ena ankati ali pa lole, ena ankati afika koma ali pansi pa mipando ku Kapitolo. Nthawi yonseyi duwa lija linali m'chitini cha penti, pa zenera la kalaliki wa khoti, litamangidwa kapepala m'khosi. Litayamba kufota, kalalikiyo anachita mantha kuti umboni ukafa afunsidwa ndi iye. Anafunsa ngati pali wodziwa maluwa. Choncho masiku awiri aliwonse, abwana atandilola, ndinkapalasa njinga kuchoka ku Area 10, kudutsa City Centre kumene nyumba zinali zikumera pakati pa tchire, mpaka ku Old Town, kukathirira mboni. Ndinkapita ndi manyowa m'thumba la jekete. Duwalo linaphuka maluwa ofiira asanu. Ku Area 10 konse kunalibe rozi lokongola ngati limenelo.

Kutatsala sabata kuti mlandu uzengedwe, mesenjala wa loya anafika pageti ndi envulopu. "Ya inu a maluwa. Akuti ndi yachangu."

Ndinati basi, loya waona. Wayang'ana m'mabuku ake aja n'kuona denga langa. Kuti ndimve zimene zinali m'kalatamo ndinayenera kupita kwa kuki, kapena kwa aphunzitsi a kumudzi, kapena kwa abwana, ndipo aliyense wondiwerengera akanamva limodzi nane. Ndinaipinda osaitsegula n'kuiika m'Baibulo limene ndinkapita nalo ku tchalitchi osaliwerenga. Tsiku la mlandu loyayo anandipeza pakhonde.

"Kalata yanga munailandira?"

"Eya, bwana."

"Ndiye palibe chimene chapezeka?"

"Palibe, bwana."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kulowa.

Wapolisi woimira boma anawerenga mawu aja alamu anadinda chala. Anaimika chitini cha penti pa tebulo. Loya wathu anaimirira, ndipo kunena zoona, munthu uja ntchito yake ankaidziwa. Anafunsa sajeni ngati alipo anaona alamu akukumba. Panalibe. Ngati mwala unapezeka kwa alamu. Ayi. Ngati sajeni mwiniwake sanapepesepo kwa apongozi ake pa chinthu chimene sanachite. Anthu anaseka, sajeni anati funso limenelo ndi la m'banja. Ine ngakhale sindinkamva Chingerezi ndinaona kuti mlandu wayamba kuwonda. Chinatsala chinali chimodzi: alamu aimirire anene ndi pakamwa pawo kuti kupepesa kuja kunali ulemu chabe, mwala sanauone.

Anawaimika m'bokosi.

"Tsopano yankhulani, bambo," anatero loyayo m'Chichewa. "Ndine ndikukulolani."

Alamu anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene waona msampha udakali patali, n'kupukusa mutu.

"Bambo, ndinati musayankhule ine palibe. Pano ndilipo. Si ine ndaima apa?"

"Limbani!" ananong'ona alongo anga, kunong'ona kwawo komveka mpaka panja.

"Mawu atatu okha, bambo. Mwala sindinauone, bwana. Basi. Ndikukupemphani."

Womasulira ankatembenuzira zonsezi kwa woweruza, mpaka kupempha komwe, akuchita kupinda manja. Alamu anatseka maso. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, koma milomo anaimanga. Sindinaonepo munthu womvera ngati ameneyo.

Loyayo anatembenuka n'kuyang'ana mabenchi amene tinakhalapo. Anangondipeza ndi maso. Ine ndinayang'ana duwa, n'kuona kuti tsamba limodzi lagwidwa ndi nsabwe, ndipo ndikukumbuka kuti ndinaganiza zoti mawa ndibwere ndi phulusa.

Woweruza anati mawu a pa pepala palibe wawatsutsa. Miyezi isanu ndi umodzi, kugwira ntchito ya kalavulagaga. Pamenepo alamu anayang'ana alongo anga.

"Kodi tsopano watha?"

"Watha."

Anatembenukira kwa woweruza, mawu atasasa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. "Zikomo bwana. Pepani takutayitsani nthawi."

Panja loyayo anamasula tayi. Anati apilo ndi yotheka, koma pofika tsiku loimva munthu adzakhala atatuluka kale. Kenaka anati, "Mayi, ine si sing'anga. Ndimadziwa chokhacho chimene mwandiuza."

"Bwenzi mutanena poyamba," anatero alongo anga. "Nanga nkhuku ija?"

Oyeza malo anabwera n'kuika bikoni ina m'mawa umodzi wokha, alamu ali kundende sabata yachiwiri. Mpanda unamangidwa. Mabwana awiri aja anayamba kupatsana moni, ndipo pa Khirisimasi anadyera limodzi. Duwa linatsala ku khoti, kalaliki uja anapita nalo kwawo.

Alamu anatuluka ataonda, ali ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Pageti panali mlonda wina. Ku mpingo anawatsitsa pa ukulu, chifukwa munthu wopita kundende sangagawe mgonero. Anabwerera ku khasu. Mvula itayandikira chaka chimenecho anandipeza ndikukonza denga, ndipo monga mwa khalidwe lawo anakwera makwerero kudzandithandiza ndisanawapemphe. Ndinali mbali ina, misomali ili kukamwa. Ndinawaona akunyamula mwala uja kuti asunthe lata. Anautembenuza. Anapukuta kachitsulo kaja ndi chala chachikulu, chala chomwe anadinda chija. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaubwezera pamalo pake bwinobwino.

"Mwala wabwino uwu, alamu," anatero. "Wolemera."

Ndinati eya, ndi wolemera. Tinapitiriza kukhoma. Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, tikudyera mbale imodzi pa maliro ndi pa maukwati, osaitchulanso nkhaniyo.

Anthu amaganiza kuti ndinalowa sukulu ya kwacha kuti ndiziwerenga Baibulo. Ndinkawalola aziganiza choncho. Nditatha chaka ndi theka ndikuloweza zilembo pakati pa amayi oseka, ndinatsekera chitseko masana ena n'kutsegula envulopu ija. Pepala linali litasanduka lachikasu. Kalaliki wa loya analitayipa m'Chichewa, podziwa kuti ndife anthu a kumudzi. Ndinawerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi, ndipo zinanditengera nthawi yofanana ndi kupalasa njinga kuchoka ku Area 10 kufika ku khoti.

Kalatayo inkati loya wakambirana ndi oyeza malo ndi wapolisi woimira boma. Onse atopa nayo nkhaniyi. Mwala ukapezeka n'kusiyidwa pa ofesi yake lisanafike Lachisanu, mlandu authetsa, ndipo palibe adzafunse kuti wabwera nawo ndani. Pansi pake anawonjezera ndi cholembera kuti ukhoza kungosiyidwa pa masitepe.

Pa masitepe. Ndinkadutsa pa masitepe amenewo masiku awiri aliwonse, ndi kaliyala yopanda kanthu, popita kukathirira duwa.

Adzukulu anga akandifunsa za milandu, poti amati agogo anaonapo khoti, ndimawauza zimene loya uja anatiuza, ndipo ndimaziuza molusa kuposa mmene iye anachitira. Kwa wapolisi usapepese chimene sunachite. Chala usadinde pa pepala limene sunalimve. Loya wako umuuze zonse, ngakhale zonunkha. Pepala likabwera, lipeze wokuwerengera tsiku lomwelo. Amandimvera mwaulemu. Sadziwa kuti mwa zinayizi, ziwiri zinaphwanyidwa ndi munthu wosalakwa, ziwiri ndi ine.

Alongo anga anali akadali moyo pamene ndinawerenga kalatayo, maso atachita khungu. Ndinapita kwawo, ndinakhala pa mkeka, n'kuwawerengera mokweza. Inali nthawi yanga yoyamba kuwerengera munthu chinthu. Nditamaliza ndinawauza za chikwakwa, za khasu, za lata.

"Ndiye kuti loya uja anaona," anatero. "Analembera inu. Ndinakuuzani ine kuti anali weniweni."

"Achemwali, mwamva zimene ndanena? Mwalawo ndinazula ndine."

"Ndamva, sindine gonthi. Alamu anu anandiuza kalekale, tsiku lomwe lija munkakonza denga."

"Nanga osandifunsa bwanji?"

"Anandiletsa. Anati mungachite manyazi."

Ndinafunsa kuti ndichite chiyani. Ndinali wokonzeka kupita ku polisi, ku mpingo, kulikonse. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, anati apolisi a masiku ano angandithamangitse ndi tsache, ndipo sajeni uja anafa kale.

"Mwalawo ukadalipo?"

"Ulipo."

"Kumanda kwa alamu anu kulibe chizindikiro, mtanda wa thabwa uja chiswe chinadya. Kauikeni kumutu kwawo. Anaugwirira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Ndi wawo."

Ndinautsitsa ndekha ndi chingwe, chifukwa sindinafune kuti wina andithandize, ndipo msana wanga unandiuza kuti zaka zapita. Ndinapempha chilolezo kwa eni manda n'kukaukwirira, mutu wokha ukuonekera, monga unalili mu kapinga wa adona. Zolemba za m'mbali zija tsopano ndimatha kuziwerenga. Ndi zilembo ziwiri ndi nambala. Anthu odzaika maliro amaima n'kufunsana kuti kodi boma layamba kuyeza mapuloti ndi kumanda komwe.

Lata lija sindinalipsinjenso ndi kanthu. Mphepo ikabwera limatukuka n'kumenya, kutukuka n'kumenya. Ana anga abwera kawiri ndi misomali, ndawabweza.